Seva yaing'ono ya mu ofesi: yambani mwawerenga zipinda za madisiki

Funso: "Zikomo akatswiri. Ndili ndi ofesi yoyeza malo ndi kujambula mapulani a nyumba ku Zomba, tilipo anthu 9. Mafayilo athu ali mbwee, ena m'malaputopu, ena pa madisiki atatu a USB omwe timapatsirana. Mwezi watha disiki imodzi idagwa pa tebulo, pano tikailumikiza ikungolira tiki tiki, ndipo mapulani a chaka chathunthu ali momwemo. Zonse pamodzi zikukwana 2.5TB, koma chiyambireni kujambula ndi drone tikuwonjezera pafupifupi 100GB mwezi uliwonse. Ndikufuna seva yaing'ono yoti ikhale pa shelefu mu ofesi momwemu, yosasokosera, yokhala ndi malo okwanira m'kati mwake, tisiyane nazo zolendewera pa zingwezi. Wina akunditsatsa seva ya Dell yogwiritsidwa kale ntchito, yafulati, yaitali ngati chitseko cha kabati, pa mtengo wabwino. Ndigule? Ndikufunanso kudzaika makamera anayi a CCTV." Bambo wa ku Zomba

Yankho: Pepani kwambiri bambo ndi disiki yanuyo. Tisanapite kutali, ichotseni pa kompyuta ndipo musailumikizenso. Kuliraku ndi kamkono kowerengera komwe kakulephera kupeza njira yake, ndipo nthawi iliyonse mukaiyatsa kuti "mwina lero itheka", kamakanda mbale zomwe zasunga mapulani anuwo. Musaitsegule, musaiike m'firiji monga ena amalangizira. Ikulungeni bwino, muipititse kwa anthu omwe ntchito yawo ndi yopulumutsa mafayilo. Nthawi zambiri zinthu zimapezekamo ngati disikiyo sinavutitsidwe.

Za sevayo mtima m'malo. Chimene mukufunachi si chachilendo, ndipo ofesi ya anthu 9 siifuna makina a banki. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musayambe ndi kufunsa kuti purosesa yake ndi yamphamvu bwanji. Wogulitsa aliyense amayambira pamenepo chifukwa ndi pomwe pamakoma kutchula. Seva yosunga mafayilo imakhala ikungodikira tsiku lonse, purosesa yake ikugwira ntchito yochepa zedi. Chimene chimawagwetsa anthu m'mavuto pakatha zaka ziwiri ndi kusowa kwa malo oika disiki ina, ndi magetsi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Muli ndi 2.5TB. Mukamawonjezera 100GB pa mwezi, m'zaka zisanu zomwe seva iyenera kukutumikirani muwonjezera 6TB. Zakwana 8.5TB. Nkhokwe ya mafayilo siidzazidwa mpaka pakamwa. Ikapitirira magawo 80 pa 100 imayamba kuchedwa, komanso pamafunika malo osungira makope akale a mafayilo, zomwe ndifotokoza kutsogoloku. Ndiye mukufunika malo osachepera 11TB omwe mungawagwiritse ntchito. Apa pali kamsampha kena. Opanga madisiki amawerenga m'zikwi, pomwe kompyuta imawerenga m'ma 1,024, choncho disiki yolembedwa 4TB imaoneka 3.64, ya 8TB imaoneka pafupifupi 7.3, ya 12TB imaoneka 10.9. Sikuti akuberani, ndi kawerengedwe chabe, koma mukaiwala zimenezi mugula zoperewera.

Tsono malo amenewa sangakhale pa disiki imodzi, chifukwa disiki iliyonse tsiku lina idzafa. Ndi chifukwa chake funso loyamba kwa wogulitsa liyenera kukhala lakuti: m'katimu muli zipinda zingati zolowa disiki ya mainchesi 3.5? Pa pepala lake amalemba kuti bays kapena LFF. Yankho likakhala lochepera zinayi, pitani kwina. Timakompyuta ting'onoting'ono tija tonga sopo, tomwe anthu akutikonda masiku ano, n'tabwino pa ntchito zina, koma m'kati mwake mumalowa SSD (disiki yaing'ono yachangu yopanda mbale zozungulira) imodzi kapena ziwiri basi, ndipo posakhalitsa mubwerera ku zingwe zomwe mukuzithawazo. Chingwe cha USB chimagwedera, woyeretsa akachikhudza ndi tsache disiki imazimiririka pakati pa ntchito.

Makina a zipinda zinayi omwe angakhale pa shelefu ali m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi HPE ProLiant MicroServer. Mtundu wa Gen10 Plus, womwe udatuluka mu 2020, ndi kabokosi kafupi, kolowa madisiki anayi a 3.5, kokhala ndi mapoti anayi a netiweki, ndipo magetsi ake amadzera pa adaputa yakunja ya 180W ngati ya laputopu. Dziwani kuti mulibe malo apadera a SSD yoyatsira makina. Mufunika kakhadi kolowa mu mpata wake umodzi wa makhadi, wotchedwa PCIe, kuti muikepo SSD yopyapyala ya mtundu wa M.2, apo ayi mutaya chipinda chimodzi pa zinayi zija. Madisiki ake sachotsedwa makina akuyaka, mumayamba mwazimitsa. Mtundu wakale wa Gen8 wa 2013 ukadapezekabe wogwiritsidwa kale ntchito ndipo ndi wolimba, koma memory yake siipitirira 16GB, komanso wakalamba. Sindingakulangizeni kuikapo chuma cha kampani lero.

Gulu lachiwiri ndi maseva oimirira ngati kompyuta wamba. Dell PowerEdge T140 ndi T150 zimalowa madisiki anayi, pomwe T340 ndi T350 zimatha kufika asanu ndi atatu ochotseka makina ali mkati moyaka. T40 ndi yotsika mtengo koma imalowa atatu okha. Awa ndi okulirapo, koma mpweya umayenda bwino m'kati ndipo zida zake n'zosavuta kusintha.

Gulu lachitatu ndi NAS, kabokosi kopangidwira kusunga mafayilo pa netiweki, monga Synology DS923+ kapena anzake a QNAP a zipinda zinayi. Imabwera ndi pulogalamu yake kale, mumaiyendetsa kudzera pa browser, ndipo munthu wodziwa kompyuta pang'ono akhoza kuisamala. Musanagule madisiki a NAS, onani pa mndandanda wa kampaniyo ngati mtundu wa disikiwo ndi wovomerezeka pa makina amenewo.

Kusankha kwake kuli motere. Ngati ntchito ndi yosunga ndi kugawana mafayilo basi, ndipo mu ofesi mulibe munthu wozolowera Linux, tengani NAS ya zipinda zinayi. Ngati muli ndi pulogalamu ya akaunti kapena ya malayisensi a zojambulira yomwe imafuna Windows yoyaka usana ndi usiku, tengani MicroServer kapena Dell yoimirira. Windows Server Essentials imalola anthu 25 ndi zipangizo 50, zokukwanirani. Kwa amene ali ndi katswiri wapafupi, TrueNAS, pulogalamu yoyendetsa seva yosunga mafayilo, ndi yaulere ndipo imasamala mafayilo bwino kwambiri. Imafuna memory yosachepera 8GB, koma ikani 16GB. Memory yake ikhale ya ECC, yomwe imadzikonza yokha ikalakwitsa pang'ono, kuti cholakwikacho chisakalembedwe mu pulani ya kasitomala.

Nanga seva akukutsatsaniyo? Mwa kafotokozedwe kanu ndi ya mu rack, yomwe idapangidwira chipinda chozizira chokhala ndi chitseko chotseka. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kutalika kwake kumapitirira masentimita 70, shelefu yanu siikwana. Mafani ake ndi aang'ono othamanga kwambiri, ndipo ikamayaka imalira moti wa pa foni samvana ndi kasitomala. Zakale zambiri zimadya 100W kapena kuposa zili chikhalire. Ya 150W imamaliza mayunitsi 108 pa mwezi, pomwe kaseva ka 40W kamamaliza 29 okha, ndipo kusiyana kumeneku kumaonekeranso pa kukula kwa mabatire omwe mudzafunike. Koma vuto lalikulu lili kutsogolo kwake. Suzumirani zipindazo: zambiri mwa seva zimenezi zili ndi tizipinda ta mainchesi 2.5, toikamo madisiki a SAS a 300GB, 600GB kapena 1.2TB. Tizipinda 8 timaoneka tambiri, koma malo ake onse sangafike pa disiki imodzi ya 12TB. Kawirikawiri zimabweranso zopanda matireyi omangirapo madisiki, batire la khadi ya RAID (yogwirizanitsa madisiki kuti azigwira ntchito ngati gulu limodzi) litafa kale. Isiyeni.

Tifike pa madisiki enieniwo, chifukwa apa ndi pomwe ndalama zanu zambiri ziyenera kupita, komanso ndi pomwe anthu amanyengeka. Pali njira ziwiri zolembera pa disiki, CMR ndi SMR. Ya SMR imasanjikiza mizere yake ngati malata a denga, wina pamwamba pa mnzake, kotero kuti ikafuna kusintha mzere umodzi imayenera kulembanso oyandikana nawo. Pa kompyuta ya kunyumba simungazindikire. Koma mu seva, tsiku lomwe disiki ina yafa ndipo makina akudzaza yatsopano kwa maola ambiri osapuma, ya SMR imatopa, liwiro limagwa, ndipo nthawi zina makina amaiyesa yakufa n'kuitulutsa pagulu. Mu 2020 zidadziwika kuti madisiki ena a WD Red a pakati pa 2TB ndi 6TB adali a SMR, ndipo kuchokera pamenepo kampaniyo idayamba kulemba Red Plus pa a CMR. Choncho funani WD Red Plus kapena Red Pro, Seagate IronWolf, kapena Toshiba N300. Dzina lokha lisakukhutiritseni. Tengani nambala ya mtundu yomwe ili pa chikalata chomata, mukaione pa tsamba la wopanga. Madisiki otchipa a kompyuta wamba ambiri ndi a SMR, ndipo kusolola disiki m'kabokosi ka USB n'kuiika mu seva ndi kuchita mwamwayi.

Kasanjidwe kake nako n'kofunika kukamvetsa musanalipire. Madisiki anayi a 8TB mukawasanja mwa RAID 5 mupeza 24TB, koma gululo limapirira imfa ya disiki imodzi yokha. Kudzaza disiki ya 8TB pa liwiro la 150MB pa sekondi kumatenga maola pafupifupi 15 ngati palibe akugwiritsa ntchito, ndipo pa maola onsewo madisiki atatu otsalawo, omwe ndi amsinkhu umodzi ndi yakufayo, amakhala akuwerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Yachiwiri ikatsatira pamenepo, zonse zapita. Onjezani nthawi yodikira kuti disiki yatsopano ifike kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, ndalama zakunja zikusowa, mupeza kuti mwakhala milungu ingapo pa mwendo umodzi. Ine ndingasankhe RAID 6, yomwe pa TrueNAS amaitcha RAIDZ2 ndipo pa Synology SHR-2. Mumataya malo a madisiki awiri, mumatsala ndi 16TB yomwe imaoneka 14.5, koma awiri aliwonse akhoza kufa mafayilo ali bwinobwino. Pa chiwerengero chathu chija cha 11TB, mwakwana ndi kutsala.

Ngati thumba silikulola madisiki anayi lero, gulani awiri a 12TB, muwasanje ngati mapasa mwa RAID 1, chilichonse cholembedwa pa ina chizilembedwanso pa inzake. Mupeza 10.9, yokufikitsani zaka zinayi kapena kupitirirapo, zipinda ziwiri zili zopanda kanthu kudikira mapasa ena. Anayi a 4TB musawayese, apereka 7.3 yokha ndipo zipinda zonse zidzakhala zitatha. Ngati mungathe, gulani disiki imodzi yapadera yokhala mu kabati, ikali m'pepala lake. Ngati n'kotheka musagule onse tsiku limodzi kwa munthu mmodzi, chifukwa madisiki a katoni imodzi amene adagwetsedwa limodzi panjira amafanso motsatizana.

Pulogalamu yoyendetsa makina ikhale pa SSD yakeyake, 240GB ndi yokwana, osati pa madisiki a mafayilo. Ikadzavuta mudzangoikanso ina popanda kukhudza nkhokwe. Wokuikirani adziwenso kuti RAID ya S100i yomwe imabwera ndi MicroServer ndi ya Windows. Pa TrueNAS kapena Linux aizimitse mu BIOS, momwe mumasinthidwa makonzedwe a makina poyaka, asankhe AHCI, kuti pulogalamuyo iziona disiki iliyonse payokha.

Madisiki akafika musathamangire kukoperapo ntchito. Iliyonse ipimeni ndi SMART long test, njira yomwe disiki imadziyeza yokha, yomwe pa 8TB imatenga maola opitirira 10. Kenaka onani manambala awa pa lipoti la SMART: 5, 197 ndi 198 akhale pa ziro, chifukwa amaonetsa malo owonongeka, 9 amaonetsa maola omwe disiki yagwira ntchito, ndipo yatsopano siyenera kukhala ndi zikwi. Ochenjera ena amafufuta maolawa, choncho lowetsaninso serial number pa tsamba la wopanga muone ngati waranti ilipo. Mukamaika, lembani manambala anayi omalizira a serial pa kapepala, mumate kutsogolo kwa chipinda chake. N'kanthu kakang'ono, koma tsiku la vuto, mtima uli m'mwamba, anthu amasolola disiki yamoyo n'kusiya yakufa.

Tsopano magetsi, omwe kwathu kuno ndi amene amapha makina ambiri kuposa ukalamba. Kuzima mwadzidzidzi disiki ikulemba kumawononga mafayilo, ndipo magetsi akamabwerera amabwera ndi mphamvu yosakhazikika. Mufunika UPS, bokosi la batire logwirizira makina magetsi akazima, ya pakati pa 1000VA ndi 1500VA, yokhala ndi AVR yowongola mphamvu, yotulutsa pure sine wave, magetsi osalala ngati a pa pulagi ya kukhoma. Ntchito yake si yoti seva igwirebe ntchito maola onse omwe magetsi azima. Ntchito yake ndi kuipatsa mpata woti izime mwaulemu. Ndiye chingwe cha USB chochoka pa UPS kupita pa seva chilumikizidwe, ndipo muuze makinawo kuti akakhala pa batire mphindi zisanu azizima okha. UPS zambiri m'maofesi zimangolira piii pansi pa tebulo mpaka batire kutha, chingwe chimenechi chili m'katoni. Mu BIOS sankhaninso kuti magetsi akabwera seva iziyaka yokha. Yesani zonsezi pozula pulagi kukhoma masana, mukuyang'ana.

Mabatire a UPS, aja a 12V 7Ah kapena 9Ah, amakhala zaka zitatu mpaka zisanu pamalo ozizira bwino, koma kutentha kumawafupikitsa moyo kwambiri; akonzekereni kusintha pakatha zaka ziwiri. Printa ya laser kapena makina osindikizira mapulani asalumikizidwe pa UPS imeneyi. Ngati muli ndi jenereta yaing'ono ndipo UPS ikungosinthasintha osakhazikika, ndiye kuti mphamvu ya jeneretayo ikugwedera, ndipo mufunika UPS ya mtundu wa online, yomwe imadzipangira magetsi okhazikika nthawi zonse. Wachibale akafuna kukutumizirani zida kuchokera ku America, seva zambiri zimalandira 100V mpaka 240V, koma UPS ya kumeneko ndi ya 120V ndipo pa 230V yathuyi ipsa. Muitanenso wamagetsi wovomerezeka ayeze earth ya nyumbayo dzinja lisanafike. Mphenzi imakonda kulowera pa chingwe cha netiweki chodutsa panja kupita ku nyumba ina. Pamenepo pafunika chingwe cha fibre, chomwe chimanyamula kuwala osati magetsi.

Malo oikapo akhale okwera kuchoka pansi, kutali ndi zenera, kumbuyo kwake kutatsala mpata wa chikhatho chimodzi kapena kuposa. Musaitsekere mu kabati yopanda mpweya poopa akuba. Boolani kabatiyo kapena ikani ya mawaya. Madisiki amasangalala pansi pa madigiri 40, ndipo mu Okutobala akamapitirira 45 tsiku ndi tsiku, fufuzani fumbi pa mafani. Miyezi itatu iliyonse zimitsani, tulutsani panja, muuzire ndi blower mutagwira fani kuti isazungulire. Mphemvu ndi analimata amakonda kufunda kwa m'katimo, ndiye zakudya zisayandikire.

Makamera aja apatseni nyumba yawo. Kamera imodzi ya 4Mbps imalemba 43GB pa tsiku. Anayi kwa masiku 30 ndi 5TB ndi kanthu, pafupifupi theka la 11TB yanu ija, kulemba kosapuma usana ndi usiku. Gulani NVR (makina osungira zojambula za makamera) yakeyake ndi disiki ya WD Purple kapena Seagate SkyHawk, muibise kwina. Wakuba akanyamula seva asanyamulire limodzi chithunzi chake.

Netiweki ikhale ya gigabit, zingwe za Cat6. Imanyamula pafupifupi 110MB pa sekondi, ndipo 2.5TB yanu isamuka m'maola 7. Switch yakale ya 100Mbps itenga masiku pafupifupi atatu. Ojambula ndi drone alumikize chingwe, Wi-Fi aisiyire makalata.

Chotsala ndi chomwe ndikufuna muchigwiritse kwambiri. RAID si backup, kope lapadera la mafayilo losungidwa kwina. Matumba awiri a chimanga ali m'nkhokwe imodzi, moto ukabwera amapsa onse. Wina akafufuta foda molakwitsa, imafufutika pa madisiki onse nthawi yomweyo. Ransomware, pulogalamu ya akuba yofuna dipo, ikalowa kudzera pa laputopu ya mmodzi, imamanga mafayilo onse omwe munthuyo amawafikira. Choyamba, yatsani ma snapshot, makope omwe makina amajambula okha, monga ola lililonse masana n'kuwasunga masiku 30, kuti muzitha kubweza fayilo monga idalili dzulo. Aliyense akhale ndi akaunti ndi pasiwedi yake, ndipo ya admin isagwiritsidwe ntchito tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, gulani madisiki awiri a USB a 8TB. Ina izikopera usiku, ina ikhale kunyumba kwanu. Lachisanu lililonse muzisinthanitsa. Atsekedwe ndi encryption popeza muli mapepala a malo a anthu, ndipo kiyi yake ilembedwe pa pepala losungidwa kwina. Za pa intaneti, sankhani zofunikitsitsa zokha, monga makontirakiti ndi mapulani omalizidwa: pa liwiro la 5Mbps mumakweza 54GB pa tsiku, ndiye 2.5TB ingatenge masiku 46, osawerengera bandulo. Kamodzi pa mwezi tsegulani fayilo imodzi kuchokera pa backup muone ngati ikutseguka.

Zambiri mwa izi mnyamata kapena mtsikana wa mu ofesi wodziwa kompyuta akhoza kuzitsata, koma kuika koyamba mulipire katswiri, ndipo asachoke asanakuonetseni zitatu: kuti seva ikuzima yokha mukazula magetsi, kuti uthenga wochenjeza ukufika pa imelo yanu, ndi kuti fayilo yofufutidwa ikubwerera. Akusiyireni mapasiwedi onse polemba. Pambuyo pake muitaneni msanga mukaona mawu akuti degraded (disiki ina pagulu yavuta), nyali yachikasu kapena yofiira pa chipinda cha disiki, nambala 5 kapena 197 ikukwera, kapena mukamva kulira konga kwa disiki idagwa ija. Ikatero koperani backup yatsopano kaye musanasinthe chilichonse. Ndipo madisiki awiri akadzaonetsa vuto nthawi imodzi, kapena makina akakufunsani kuti initialize kapena format, musadine kanthu. Zimitsani, jambulani uthengawo ndi foni, mumutumizire katswiriyo.